Mutu 9: Dzina Limene Leah Anatsekera M'chikombole

1. Pepala la maliro a Angella

Pa dziko lino pali munthu mmodzi amene ndimadana naye, dzina lake Kingstone. Ana a sukulu musadabwe kuti sindikumuikira "a" kutsogolo. Ulemu umenewo ndinamulanda. Abusa amati ndizimupempherera, ndipo ndimayesa ndithu, koma ndikafika pa dzina lakelo malovu amauma.

Zonse zinayambira pa mwana wanga Angella, amene ali chigonere kumanda kuseri kwa munda wa chinangwa uko. Angella anasiya ana awiri. Woyamba ndi Leah. Bambo ake a Leah anawoloka pa Muloza kukagula chimanga ku Milanje mwanayo ali m'mimba, mpaka lero akugulabe. Wachiwiri ndi mnyamata amene anabereka atakwatiwa ndi Paul wa ku Chinakanaka. Ife timamuitana Chimwemwe, dzina limene anamupatsa mayi ake. Lina la kuchimuna ali nalo, koma pakhomo pano silimveka.

Paul si munthu woipa, kungoti ali ku Joni, ndipo pakamwa pake anasiyira mkulu wake, Kingstone yemweyo, kalaliki wa ku esiteti ya tiyi.

Angella atamwalira, Kingstone anabwera kuno ku Milonde ndi bokosi pa lole. Anabweranso ndi mapepala a ndondomeko ya maliro, osindikiza bwino, chithunzi cha mwana wanga chili pamwamba. Sanafunse aliyense wa kuchikazi kuti tilembepo chiyani. Ine ndinkayesa ulemu.

Nthawi ya mbiri ya malemu itakwana, mkulu wa mpingo anawerenga zimene zinali pa pepalapo. Anati malemu asiya mwamuna ndi mwana mmodzi. Leah anali atakhala pansi, mutu atautsamiritsa pa bokosi la mayi ake. Anadzutsa mutu uja n'kuyang'ana anthu ngati akufuna wina amuuze kuti iye ndi ndani. Kumanda anaitana oyala nkhata mmodzi mmodzi, dzina lake osamveka.

Mwambo utatha ndinamufunsa Kingstone pamaso pa ankhoswe. Anandiyankha akupukuta fumbi ku nsapato zake.

"Madala, ife talemba ana a m'banja. Wobwera naye kumbuyo mukamulembere nokha pepala lanu."

Kuyambira tsiku limenelo ndinalamula kuti dzina loti Kingstone lisadzatchulidwenso pabwalo panga. Ngakhale galu sindingamutche.

2. Chikombole cha Leah

Mawu oti "pepala lanu" aja Leah anawasunga. Anapita ku koleji ku Blantyre kukaphunzira za makompyuta, ndipo pobwera anabwera ndi laputopu yong'ambika pakona, imene ankaipukuta kuposa nkhope yake.

Ine ntchito yanga ndi youmba njerwa. Tsiku lina ndikuponda dothi, Leah anabwera kudzakhala pa mulu wa njerwa n'kuyamba kundiputa, monga mdzukulu amachitira.

"Amuna anga, njerwa iliyonse mumaiyeza ndi tepi?"

Ndinamuuza kuti mkazi wanga wapita kusukulu kukataya nzeru. Chikombole chilipo, tepi ya chiyani? Iye anaseka n'kunena kuti basi, nayenso wapanga chikombole, koma chake ndi cha mapepala a maliro.

Ndifotokoze mmene anandifotokozera. Pa intaneti pali tsamba lake. Munthu wa shopu yosindikiza mapepala amalitsegula pa foni kapena pa kompyuta, n'kupeza timabokosi todzaza: dzina la malemu, mpingo, nyimbo, mayina a ana, mayina a zidzukulu, oyala nkhata. Akadzaza n'kudina batani, mawu aja amapita ku makina ena akutali amene ine sindinawaonepo. Kumeneko ndi kumene kuli chikombole. Leah anachilemba kamodzi kokha, n'kusiya mipata: apa palowe dzina, apa chithunzi, apa mayina a ana atsike pansi mmodzi mmodzi. Makina amathira mawu m'mipatamo ngati dothi. Kenako chida china chimayala zilembo, kuwongola mizere, kusuntha nyimbo ikatalika kuti isadukire pakati. Chimawerenganso chokha kuti ana ndi angati n'kulemba nambala.

Zida zimenezi anandiuza mayina ake, china Jango, china Leteki. Ndinati mayina ngati a agalu a bwana wa ku esiteti.

Chotuluka kumeneko amati PDF. Leah anati imeneyo ndi njerwa yowotcha kale. Kaya uione pa foni, kaya uisindikize ku Limbuli kapena ku Likhubula, imaoneka chimodzimodzi, ndipo wa shopu sangaikanyenso.

Pamwamba pa bokosi la ana analembapo mawu akuluakulu: "Lembani ana onse, obadwira m'banja ndi obwera nawo." Atandiwerengera mawu amenewo ndinapita kuseri kwa uvuni kukatsokomola.

Mashopu angapo anayamba kugwiritsa ntchito tsambalo, chifukwa anamfedwa amafika ndi changu ndipo kale pepala limodzi linkadya m'mawa wonse. Mmodzi mwa eni mashopuwo anali a Lackson a ku Chinakanaka. Pamsika ponse paja makina osindikizira ali ndi iwo okha.

3. Uthenga wa ku Chinakanaka

Unali mwezi wotentha, mitengo ya mango itayamba kulemera. Ndikupanga uvuni, kunabwera uthenga woti a Esteri atisiya. A Esteri anali mayi awo a Paul ndi Kingstone. Mmene mayi wabwino chotere anaberekera chinthu ngati Kingstone, akudziwa ndi Mulungu.

Chimwemwe atamva anakhala pansi pomwepo. Anganga akewo ankamukonda. Akapita kumeneko pa holide ankabwera masaya atatupa ndi chinanazi ndi makaka. Anatenga njinga yanga osapempha n'kupita kukagona kumaliro.

Leah anatsala pakhonde ndi laputopu. Pambali pake panali a Rosie, akulu awo a malemu mkazi wanga, akusankha nandolo m'lichero. A Rosie ndiwo mutu wa mbumba ya kuno, ndipo pakamwa pawo sipapita tchuthi.

Ndinaona Leah akumwetulira yekha. Sikunali kumwetulira kwa mwana wanga Angella, kunali kwina. Anati mapepala a maliro amenewa akasindikiza kwa a Lackson, kulibenso kwina. Ndinamufunsa kuti ndiye bwanji.

"Dzina la akulu awo a Paul silituluka, anganga. Akamve nawo mmene zimakomera."

Ine ndinaseka mpaka ndinagwira mzati. A Rosie anaika lichero pansi.

"Alamu, imvi zonsezo mukuseka? Khalani chete ndilankhule ndi mwanayu. Iwe Leah, tandiyang'ana. Maliro amenewa ndi a yani? Ndi a Kingstone? Amene wagona m'bokosi anakulakwira chiyani? Tsiku limene anakuchotsa pa pepala lija, anthu onse atabalalika, ndani anabwera kudzakhala nawe kuseri kwa nkhokwe n'kukufunditsa chitenje chake? Si mayi yemweyu? Lero ukufuna kuti pa tsiku lake lomaliza anthu akaseke mmalo molira.

"Ine sindikukana kuti anakupweteka. Ndinalipo, ndinamva ndi makutu angawa, ndipo mpaka lero ndikakumana naye pa chigayo moni wanga amafika mochedwa. Koma maliro si bwalo la milandu. Pamaliro anthu amakhala mothinana, ndipo mwala woponya pa gulu susankha mutu. Iwe uloza amene ukumufuna, mwala ukagwera amene waima pafupi. Munthu ngati Kingstone khungu lake ndi la ng'ona, akakanda pang'ono n'kupitiriza ulendo. Amene amatuluka magazi ndi wofewa.

"Chinanso. Anthu amabwera ku chinthu chakocho maso atatupa, osagona, osatha ngakhale kuwerenga zimene alemba. Amakhulupirira kuti zimene aikamo ndi zimene zituluke. Unachipanga kuti mwana wina asadzachotsedwe pa pepala la mayi ake. Ukachigwiritsa ntchito kuchotsa munthu, kusiyana kwako ndi Kingstone kukhala kotani? Koti iye anachita ndi cholembera, iwe ndi batani?"

Leah anayankha maso ali pa laputopu. Anati mawu a anganga ake a Rosie wawamva, koma Kingstone sanapepesepo, ndipo munthu wosapepesa amaphunzira ndi thupi.

Ine ndinawauza a Rosie kuti amusiye mwana, Kingstone alaweko. Koma panali chinthu chimodzi chimene chinkandikanda monga mmisiri. Ndinamufunsa Leah kuti akukhudza dothi kapena chikombole.

Anati dothi sangalifikire. Mayina akalemba ndi a Lackson mawa m'mawa, n'kusindikiza nthawi yomweyo. Pokhapo pamene angaikepo dzanja ndi m'chikombole. Awonjezera mzere umodzi wouza makina kuti akapeza dzina loti Kingstone, adumphe mzere wonsewo. Dzina la bambo saikapo, chifukwa a Lackson nthawi zambiri ana amangowalemba mayina oyamba.

Apo ndiye ndinasiya kuseka.

"Mkazi wanga, ine sindikuti usamulange. Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanamulanga ndekha ndi khasu. Koma mvera woumba njerwa. Dothi likaipa, yaonongeka ndi njerwa imodzi, umaitaya n'kuumba ina. Chikombole chikakhota, uvuni yonse yakhota. Chaka china tikuumba za tchalitchi, mnzanga anakhoma msomali kuti atseke mng'alu wa chikombole, nsonga n'kutulukira mkati. Sitinaione. Njerwa iliyonse inatuluka ndi chilonda pamalo amodzimodzi, ndipo tinadzazindikira titawotcha kale. Chikombole sichidziwa kuti njerwa iyi ndi ya mdani, iyi ndi ya m'bale. Chimangoumba."

Leah anati zimenezo waziganizira. Wayang'ana, palibe shopu ina imene ili ndi maliro oyembekezera. Mzerewo aufufuta mawa dzuwa lisanafike pamutu. Palibe amene adziwe.

A Rosie anatenga lichero lawo n'kulowa m'nyumba. Pakhomo anatembenuka n'kunena kuti choipa chimatsata mwini, ndipo njira ya ku Milonde chikuidziwa.

Leah anagogoda timabatani kanthawi kochepa kwambiri, kochepa kuposa kamene ine ndimatenga kuumba njerwa imodzi. Kenako anatseka laputopu.

4. Mwana woyamba wa a Esteri

M'mawa mwake tinapita tonse atatu. Ine ndinavala jekete limene ndinavala pa maliro a Angella. Ndinachita dala.

Tinamupeza Chimwemwe kuseri kwa siwa akumanga nkhata. Anapinda waya, n'kulukirapo maluwa ofiira amene anathyola kumpanda wa tchalitchi. Zala zake zinali zobayidwa ndi minga. Anatiuza monyadira kuti a Esteri asanamwalire ananena kuti woyala nkhata mmalo mwa zidzukulu zonse akhale iye. Leah anamusisita mutu n'kumuuza kuti nkhatayo ndi yokongola.

Mapepala anafika mochedwa. Magetsi ankathimathima, ndiye a Lackson anasindikiza mothamanga n'kupatsira wa njinga yamoto osawerenga. Anafika akadali ofunda. Kingstone, ali mu suti yakuda pa dzuwa lonse lija, anawalanda n'kuyamba kugawa yekha. Nayenso sanawerenge. Atafika pa ine anandipatsa ndi dzanja limodzi.

"Madala, onani mmene timalirira ife."

Ndinalandira ndi manja awiri. Ndinathokozanso.

Woyendetsa mwambo anali a Moffat, mkulu wa mpingo amene anali atangosamukira kumene m'deralo ndipo banjalo sankalidziwa. Atafika pa mbiri ya malemu anakweza pepala n'kuwerenga momveka pa chimkuzamawu. Anati mayi Esteri asiya ana atatu: Paul, Janeti ndi Anthony.

Kwa amayi kunayamba manong'onong'o ngati kulira kwa njuchi. Kumbuyo kwa abambo munthu wina, amene mwina anali atalawako m'mawa, anafunsa mnzake mokweza ngati a Kingstone anachita kuwatola m'munda wa tiyi. Amayi ena anabisa nkhope m'zitenje, mapewa akugwedezeka, ndipo sikunali kulira.

Ine maso anga anali pa Kingstone. Anayang'ana pepala lake. Analitembenuza kuseri. Analanda la munthu woyandikana naye, ngati kuti limenelo linabadwa kwa mayi wina. Thukuta linatsika m'khosi mpaka kolala inada.

Kenako anaimirira, n'kupita kutsogolo, n'kuwalanda a Moffat chimkuzamawu. Munthu wamkulu, kalaliki wa ku esiteti, anaima pafupi ndi bokosi la mayi ake n'kuyamba kuuza mudzi wonse kuti iye ndi mwana wa malemu, woyamba kubadwa, ndipo amene sakukhulupirira afunse amalume ake. A Moffat anangoti, "Bwana, ine ndawerenga pepala limene mwandipatsa nokha."

Ana inu, ndikanena kuti zinandimvetsa chisoni ndiye kuti ndanama. Mumtima mwanga munazizira ngati ndamwa madzi a mu Ruo. Ndinayang'ana kumwamba n'kunena chamumtima kuti Angella mwana wanga, taona. Ndinayang'ananso kwa amayi. Leah anakhala mowongoka, maso ouma, osaphethira.

A Moffat anapitiriza ndi mayina a zidzukulu, koma mu phokoso lija palibe amene anamvetsera.

5. Nkhata

Kumanda, dothi atalibwezera, inafika nthawi ya nkhata. Kingstone sanadikire kuitanidwa. Anakankha anthu n'kukayala yake poyamba, n'kuima pambali kuyamba kukalipira a Lackson pa foni. Abale ake anamuzungulira kumutonthoza.

A Moffat ankaitana kuchokera pa pepala. Woimira akuchimuna anapita. Woimira amayi a mpingo anapita. A ku esiteti anapita, amfumu anapita. Chimwemwe anali ataima kutsogolo, nkhata ataigwira ndi manja awiri pachifuwa. Dzina lililonse likamayamba ankasuntha phazi, n'kulibweza.

"Nkhata zathera pamenepa," anatero a Moffat, n'kupinda pepala. Kwaya inayamba nyimbo yotsekera.

Ine ndinadabwa. Ndinayesa kuti a Moffat adumpha mzere. A Rosie anandiyandikira, pepala lili m'manja, n'kundinong'oneza.

"Alamu, kwathu ndi Chimwemwe. Nanga kuno amamuitana ndani?"

Mwana uja atabadwa, a kuchimuna anamutcha dzina la bambo ake aakulu, monga amachitira pofuna kulemekeza mwana woyamba wa m'banja. Kwa a Esteri iye anali Kingstone wamng'ono. Ndi dzina limene a kuchimunawo anapereka kwa a Lackson, pa zidzukulu ndi pa nkhata pomwe. Kwathu dzinalo linakhala losatchulidwa mpaka tonse tinaiwala kuti tikugona nalo m'nyumba.

Chikombole chinapeza a Kingstone awiri. Chinadumpha onse.

Leah anali kumbuyo kwa a Rosie ndipo anamva. Anatsegula pepala lake n'kutsitsa chala pa mayina a zidzukulu. Chala chinafika pansi, n'kubwereranso pamwamba.

A Rosie anadutsa pakati pa anthu kukamukankha mnyamata kuti apite akayale basi, kuitanidwa kapena ayi. Mnyamatayo anakana. Anati pamanda a eni sayalapo munthu wosaitanidwa. Ife tinali alendo, sitikanaimitsa nyimbo. Pemphero litatha, okumba manda anauza anthu kuti atuluke, ndipo Chimwemwe anatuluka nawo, nkhata ili m'manja.

Wamkulu uja anakuwa, malo ake anawapeza. Wamng'ono sanakuwe.

6. Chibenthu cha njerwa

Tikudikira minibasi pamsewu, Leah anatulutsa foni n'kufufuta mzere uja. Kufufuta kunali kosavuta ngati kulemba. Koma mapepala anali kale m'matumba a anthu. Ena akawaika m'Baibulo, ena akawatumiza pa foni kwa Paul ku Joni. Njerwa yowotcha sibwerera ku nkhuti.

Chimwemwe anafika kunyumba dzuwa litapendeka, akukankha njinga. Nkhata inali pa handulo, maluwa atafota. Anaiika pakhonde n'kukhala pansi pafupi ndi Leah, kugunditsa phewa lake pa la mchemwali wake.

"Achemwali, lero ndamvetsa. Nthawi ija ndinali mwana, ndinkaona ngati mukukokomeza."

Anatiuza zimene anthu ankanena ku Chinakanaka. Ankati Kingstone anauza a Lackson kuti achotse Kingstone wa ku Milonde chifukwa amakhala kwa adani, ndiye a Lackson posokonezeka anachotsa onse awiri. Aliyense anakhulupirira, poti ankakumbukira zimene anachita pa maliro a Angella. Mnyamatayo anatinso ngakhale zikanakhala zabodza, bambo aakulu analimbana ndi dzina lawo lokha. Lake analiona kuti palibe, n'kukhala chete.

Ine ndinati chamumtima zikhale choncho. Mlandu umenewu wagwera mutu woyenera. Munthu amene anaba mbuzi kale, ikasowa nkhuku asadandaule akamuloza. Ndinamuyang'ana Leah ndi diso lomuuza kuti atseke pakamwa.

A Rosie anaona diso langalo. Analankhula ngati akulankhula ndi nkhuku za pabwalo.

"Bodza ndi chikombole nalonso. Ukathiramo mwana lero, akula ndi mpangidwe umenewo. Adzadana ndi mtundu wa bambo ake mpaka imvi, adzaphunzitsa ana ake, ana akewo osadziwa n'komwe kuti chinayambitsa n'chiyani. Amene ali ndi mawu alankhule dothi likadali lonyowa."

Chimwemwe sanamve tanthauzo lake. Leah anamva. Anayang'ana nkhata ija, waya wopindika ndi madontho a magazi a zala za mlongo wake.

Nthawi yomweyo tinamva njinga yamoto ikutsika kuchokera ku msika. Inakhota pa mtengo wa mango n'kulunjika kwathu. Woyendetsa anali a Lackson. Kumbuyo kwawo kunali suti yakuda.

Chimwemwe anaimirira. Anayenda mpaka pa uvuni yanga n'kutola chibenthu cha njerwa yowotcha, chakuthwa m'mbali. Anaima pakati pa bwalo, dzanja lili kumbuyo. Ine sindinamuletse. Ndinangosuntha mpando kuti ndione bwino.

Amene anathamanga ndi Leah. Anamugwira pa mkono ndi manja onse awiri.

"Siya, Chimwemwe. Amene anachotsa dzina lako sali pa njingapo. Ali pabwalo pano."

Mnyamata anayang'ana ine. Anayang'ana a Rosie. Kenako anayang'ana manja amene anamugwirawo, n'kukweza maso pang'onopang'ono mpaka pa nkhope ya mchemwali wake. Leah sanathawitse maso.

Injini inazima pa mpanda. Kingstone anatsika, foni ya a Lackson ili m'manja, tsamba lija lili lotsegula, mayina onse awiri akuoneka m'timabokosi mmene a Lackson anawalembera m'mawa. Sanapereke moni.

"Mwini wake wa makinawa ndi ndani pano?"

Leah anasiya mkono wa mlongo wake n'kupita kutsogolo yekha. Kumbuyo kwake Chimwemwe anali ataimabe, ndipo njerwa ija anali asanaitaye.